Chikombole cha Nkhalamba

Ndisanakwatire ndinkagwira ntchito kwa amalume anga ku Chibanja, m'kashedi kokonzera mabatire a galimoto. Ntchito yathu yambiri inali youmba mitu. Mutu wa batire ndi kachitsa ka mtovu kamene mphete ya waya wa galimoto imagwira. Ukadyeka ndi asidi kapena kuthyoka, tinkasungunula mtovu m'kachitini pa mbaula, n'kukhazika chikombole pomwe panali mutu wakale, n'kuthira. Mtovu ukazizira, tinkazula chikombole, mutu watsopano uli njo.

Amalume anali ndi zikombole zitatu zachitsulo. Chaching'ono chinali cha mutu wa mayinasi, chokulirapo cha pulasi. Ziwirizi zinkagwirizana ndi miyeso ya m'buku lina limene ndinagula mumsika. Chachitatu anachidula okha ku paipi, bowo lake lalikulu kuposa zinzake, ndipo m'buku langa munalibe. Iwo ankachitcha cha nkhalamba. Ine ndinkachita nacho manyazi.

"A Fomu Folo," ankandiitana choncho, "galimoto ikakalamba, mphete imatanuka ngati lamba wa kabudula wamkati. Muziyeza mphete. Buku silinakwerepo galimoto."

Masiku amenewo ndinkafuna kukwatira mtsikana wina wa ku Nkhorongo. Bambo ake anali mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo, kwawo ku Nkhata Bay. Ana awo onse anawaphunzitsa, ndipo sankabisa kuti mkamwini wa manja akuda ndi makala sankamulakalaka. Za ine anali asanakane, asanavomere. Anangoti Loweruka likubweralo tipitire limodzi kumudzi kuti azakhali a mtsikanayo akandione, ndipo mawu adzatuluka kumeneko.

Lachinayi bambo aja anatulukira kushedi pa njinga ya kabaza, batire ali nalo pamiyendo ngati khanda. Linali la pikapu yawo, galimoto imene inayamba kuyenda mwana wawo asanabadwe. Mutu wa pulasi unali utadyeka mpaka kutsala ngati dzino la mbewa.

"Monire, adada," anatero amalume, akusenda nthochi. "Galimoto yatsala kuti?"

"Kunyumba. Chodwala ndi batire."

"Ndiye mphwangayu apite kaye akaone mphete."

Ine ndinati n'zosafunika. Ndinatsegula buku, ndinatulutsa kachipangizo kanga koyezera, n'kuwaonetsa bambowo kuti bowo la chikombole cha pulasi likugwirizana ndi nambala yolembedwa. Nkhope yawo inawala. Anavala magalasi n'kuwerenga okha.

"Izi ndiye ntchito," anatero. "Osati amakaniko awa amene mphete ikamagwedera amangokhomerapo msomali. Pa galimoto yanga msomali sudzakhomedwa ine ndili moyo."

Amalume anakankhira chikombole cha nkhalamba kwa ine ndi chala chaphazi. Ndinachita ngati sindinachione. Ndinathira mtovu, ndipo mutu unatuluka wosalala, wonyezimira, wofanana ndendende ndi chithunzi cha m'buku.

"Yewo chomene, a injiniya," anathokoza bambowo. Kanali koyamba kunditchula china choposa "mnyamata uja".

Loweruka m'mawa ndinakamangirira batire ndekha. Ndinamanga nati mpaka pomaliza, koma mphete inkazungulirabe pa mutu wanga wokongola uja. Inali yotanuka ndithu. Ndinaona, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaipanikiza ndi chala chachikulu, n'kutseka boneti. Galimoto inalira. Ndinadziuza kuti Mulungu amakonda maukwati.

Kutsogolo kunakhala bambo ndi mayi a mtsikanayo. Ine ndi mtsikana uja tinakhala kumbuyo, thumba la kabichi lili pakati pathu. Analiika ndi mayi, ndipo sanaliike mwangozi.

Tinatsika makona onse a msewu wa ku Nkhata Bay bwinobwino. Kenaka bambo anaona nthochi zakupsa pambali pa msewu, anaima n'kuzimitsa injini. Malo ake anali pachigwa, kutsogolo mtunda, kumbuyo mtunda, poti ngakhale kukankha sikungathandize. Atagula nthochi anatembenuza kiyi. Galimoto inangoti tche. Anayesanso. Tche.

"Batire ayi," anatero, akutsika. "Batire lakonzedwa ndi buku. Ndi sitata iyi."

Mayi anati mwina ndi Satana, poti ulendo wabwino sautaya. Bambo anavomereza kuti n'kutheka ziwirizi zikugwirira ntchito pamodzi, ndipo anayamba kufunsa ogulitsa nthochi ngati kufupi kuli makaniko.

Ndikanatha kukhala chete. Sitata sikanadziyankhira, ndipo Satana anazolowera kunamiziridwa. Koma makaniko aliyense akanatsegula boneti n'kugwedeza mphete ija pamaso pa onse. Sindinganene kuti chinandiyankhulitsa ndi chilungamo chokha.

"Adada, si sitata. Ndine."

"Ndiwe bwanji?"

"Mutu ndinaumba wochepa. Mphete yanu ndi yotanuka. Ndinaona m'mawa, sindinanene."

"Nanga buku lija?"

"Bukulo ndi la galimoto zatsopano."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, monga ankayang'anira ana ochedwa kusukulu.

"Ndiye tichite chiyani, a injiniya?"

"Pakufunika msomali."

Mtsikana uja anabisa nkhope kuseri kwa kabichi, mapewa akugwedezeka. Mayi wogulitsa nthochi anandilola kuzula msomali wadzimbiri pa benchi lake. Kachitsulo koimikira boneti kanatayika kalekale, choncho mkulu wa mpingo, atavala tayi, anaimirira atanyamula boneti ndi manja awiri, ine ndikukhoma msomali ndi mwala pakati pa mutu ndi mphete. Anali moyo, ndipo ankaona zonse.

Atatembenuza kiyi, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Tinapitiriza ulendo.

Kumudzi anandikhazika pampando pakati pa bwalo. Azakhali atatu anandiyang'ana kuyambira ku nsapato, n'kuima pa manja anga, amene anali akudanso. Wamkulu anafunsa mlongo wake kuti mlendoyu amagwira ntchito yanji.

"Amakhoma misomali," anatero bambo aja. Ndinayang'ana pansi. Iwo anasenda nthochi pang'onopang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Koma akalakwa amanena yekha. Aphunzitsi amene ndinagwira nawo ntchito zaka zonse zija, sindinaonepo mmodzi wotero. Atumize akwawo tikambirane."

Lolemba ndinapita ku Nkhorongo ndi kachidutswa ka sopo. Ndinakanikiza sopoyo m'mphete kuti atenge kukula kwake, ndinabwera naye kushedi pamodzi ndi batire, n'kumuyesa m'zikombole zonse zitatu. Anakwana m'cha nkhalamba.

Amalume anaonerera ndikuthira mtovu mpaka utazizira.

"A Fomu Folo, zimenezi zili pa tsamba lanji?"

Shedi ija pano ndi yanga, ndipo batire lobwera popanda galimoto sindiliumbira mutu ndisanaone mphete. Msomali uja apongozi anga sanautaye. Anausunga m'kabokosi ka magalasi, ndipo pa tsiku la ukwati anautulutsa n'kuuonetsa mpingo wonse, amvekere iyi ndiyo satifiketi ya mkamwini wawo.