A Gogoda Agula Kalole

Sikisi koloko m'mawa inandipeza pa beseni ndikuchapa matewera, uku kuseri kwa nyumba sowo ikulira kale. Apongozi anga aamuna sadikira dzuwa. Ndi kalipentala, ndipo shopu yawo ndi chisakasa cha malata chomwe chili mumpanda momwemo, moyang'anana ndi chingwe changa choyanikapo zovala. Utuchi wawo wonse umathera m'matewera, moti mwana wanga, yemwe timamutcha Kabaluni chifukwa cha masaya, amanunkhira ngati kabati yatsopano.

Tsiku limenelo sowo inangolira pang'ono n'kusiya. Ndinamva mapazi, kenako go! go! go! m'mbali mwa beseni langa.

"Beseni ili latsala ndi miyezi iwiri, apongozi."

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ine ndadzuka, bondo ndiye likadagona. Mukatha apo muvale bwino. Lero tikukagula kalole."

Dzina loti a Gogoda sanalitole panjira. Munthuyu sakhulupirira maso. Amati maso ndi a kasitomala, mmisiri amaona ndi khutu. Thabwa lililonse asanaligule amaligogoda ndi chala chapakati, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yaona kabawi. Likalira kuti ngwe, ndi labwino. Likati phu, ndiye kuti mkati chiswe chinadya kale. Chizolowezicho chinakula mpaka chinatuluka mu shopu. Amagogoda benchi ya kutchalitchi asanakhalepo, tebulo la adokotala, ngakhale mavwende pamsika. Apongozi anga aakazi amasimba kuti tsiku loyamba limene a Gogoda, ali mnyamata, anabwera kudzawaona kwawo, anagogoda chitseko, ndipo bambo awo atatsegula, m'malo mopereka moni anati, "Chitseko ichi n'chofumbwa." Anamuthamangitsa. M'mawa mwake anabweranso atasenza chitseko chatsopano, nkhani ya banja n'kuyambira pomwepo.

Kuchokera pa chitseko chimenecho, katundu wawo yense wayenda ndi mphamvu za thupi lawo. Zaka zoyamba ankasenza pamutu. Kenako anagula njinga, yomwe inanyamulapo bedi la anthu awiri mpaka anthu mumsewu ankaima kudabwa kuti bedi likudziyendera lokha. Njinga itatopa inabwera wilibala. Ana atatu anaphunzira sukulu ndi wilibala imeneyo, ndipo wachiwiri wa iwo ndi mwamuna wanga. Koma chaka chatha bondo lakumanja linayamba kukana. Tsiku lina akukankha kabati pachitunda, bondo linangofooka, wilibala n'kubwerera chambuyo, iwo n'kukhala pansi kabati ili pamiyendo ngati mwana.

Atawabweretsa kunyumba, bambo a Kabaluni analankhula mawu amene ankawasunga kalekale. "Bambo, basi. Shopu titseke, muzipuma." Apongozi anangogogoda bondo lawo n'kumvetsera. Ine ndinawayang'ana nkhope ndipo ndinamva chisoni. Munthu ameneyu mukamulanda sowo mwamulanda pakamwa, chifukwa nkhani zake zonse amakambira pa benchi yopalira matabwa. Lamulungu lokha limene shopu imakhala yotseka amangozungulira pabwalo ngati mlendo. Atakokanakokana masiku angapo, bambo ndi mwana anagwirizana chimodzi. Ndalama zimene apongozi akhala akusunga m'chitini cha misomali agulire kagalimoto konyamulira katundu, kakale, kotchipa. Kakakhala kabwino, ntchito ipitirire. Akagula chakufa, za wilibala kulibenso, shopu itsekedwa. Chitini chinali chimodzi, ndiye mwayi unalinso umodzi.

Za kuyendetsa analibe nazo nkhawa. Laisensi ali nayo. Anaitenga ali mnyamata pomwe ankagwira ntchito kocheka matabwa, ndipo zaka zonsezi nthawi yake ikatha amakaikonzetsa, n'kuibwezera m'pulasitiki pansi pa matchizulo. Laisensiyo yayenda maulendo ambiri kuposa mmene mwini wake wagwirira chiwongolero.

Tikutuluka, tinapeza apongozi aakazi akusesa pakhonde.

"Ulendo wa kuti m'mawa muno, mpaka jekete?"

"Kukagula kalole."

"Kalilole?" Tsache linagwa pansi. "Mulungu sagona! Zaka makumi atatu ndikupesera tsitsi pa windo. Mugule wamkulu, woti ndizidziona mpaka kumapazi."

Sindikudziwa ngati sanamvedi kapena anachita dala, chifukwa khutu lawo limasankha zoti limve. Koma nkhani ya kalilole ilipo. M'chipinda mwawo muli tebulo lokongola lodzikonzerapo limene a Gogoda anawapangira atangokwatirana. Felemu ilipo, yosemedwa maluwa, koma galasi mulibe mpaka lero. Nyumba ya kalipentala ndi choncho.

"Tiyeni, apongozi, tingachedwe," anatero a Gogoda, maso ali kumsewu.

Ananditenga ine chifukwa bambo a Kabaluni anali kuntchito, komanso akuti ndimadziwa kunenerera. Tinakwera basi, Kabaluni ali kumsana, chitini chili m'chikwama cha matewera, poti wakuba safufuza mmenemo.

Kogulitsira magalimoto akale ndi bwalo lalikulu la fumbi lotchingidwa ndi waya. Anatilandira bambo wina wa nsapato zosongoka, makiyi ambirimbiri ali m'chiuno, akamayenda ngwerengwere. Ine mumtima ndinamutcha a Makiyi.

"Takulandirani, madala! Maso anu ndawaona, akufuna aka." Anatitengera pa kalole kofiira, konyezimira moti ndinadziona mano. "Aka n'kamtsikana. Mwini wake anali dokotala, ankangopita nako kutchalitchi basi."

"Dokotala kupita ndi lole kutchalitchi? Ankanyamula chiyani, machimo a mpingo wonse?" anafunsa apongozi.

A Makiyi anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu wofuna kugulitsa. Ndisaname, ine kofiirako ndinali nditakakonda. Ndinali nditadziona kale nditakhala kutsogolo, anzanga a pampopi akundiyang'ana. Koma apongozi anavula jekete, anandipatsira, n'kupinda chala. Pa chitseko, ngwe. Kutsogolo, ngwe. Pamwamba pa tayala lakumbuyo, phu. Anagogodanso. Phu.

"Apa pali chiswe."

"Chiswe pa chitsulo, madala?"

"Chiswe cha chitsulo ndi dzimbiri, mphwanga. Panali bowo, mwamata, mwapaka penti. Inenso ndine mmisiri, ndimadziwa mmene bowo limabisidwira."

Anagogoda magalimoto asanu, ndipo onse penapake anati phu. Makiyi aja anasiya kulira, chifukwa mwini wake anali atangoima. Ine ndinkaganiza za chisakasa chija chitatsekedwa ndi loko, apongozi atakhala pakhonde tsiku lonse kumagogoda mpando.

Ndiye ku ngodya, pansi pa mtengo, tinaona kena. Kale kanali koyera. Chitseko chimodzi chinali chabuluu, chochita kubwereka kwa galimoto ina, ndipo kumbuyo kunali masamba odzaza wilibala ziwiri.

"Ako musavutike nako, n'konyansa," anatero a Makiyi.

"Inenso sindine wokongola, koma ana ndalera."

Anayamba kuzungulira. Ngwe, ngwe, ngwe. Anayala saka n'kugona pansi pake, bondo likulira kuposa chitsulo, ndipo kuchokera pansipo tinkangomva ngwe, ngwe. Atatuluka anauza a Makiyi kuti alize injini. Anatenga tchizulo chachitali m'thumba, nsonga n'kuikhudzitsa pa injini, chogwirira n'kuchiika kukhutu, maso atatsinzina ngati akupemphera.

Ine za injini sindidziwa, koma zakuda ndimazidziwa. Ndinatenga thewera lochapa n'kulitchinga pa paipi yotulukira utsi kwa kanthawi. Nditaliyang'ana linali litangoda pang'ono, zoti sopo wochepa achotsa. Ndinakachitanso chimodzimodzi pa kofiira kaja, a Makiyi atakaliza monyinyirika, ndipo thewera linatuluka ngati ndapukutira poto. Komanso Kabaluni, yemwe ankalira chifikire, nditamukhazika pa mpando wa konyansa kaja anangomva injini ikuti ndu ndu ndu n'kugona.

"Mboni zitatu," anatero apongozi. "Khutu, thewera ndi mdzukulu."

Kenako anatulutsa tepi. Anayeza kumbuyo mulitali: chitseko chilowa, bedi la anthu awiri lilowa. Anayeza mulifupi, kuchokera kuchitsulo kufika kuchitsulo, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Pa geti pathu kalowa, kutsala zala zinayi mbali iliyonse. Geti limene lija ndinapanga ndekha."

Kunenerera kunali kwanga. Ndinawauza a Makiyi kuti chitseko chabuluu si chathu, achotsereko. Masamba tikasesa tokha, achotserenso. Tayala limodzi linali lopanda mano ngati Kabaluni, limenelonso achotsere. Pomaliza anagwira m'mutu n'kunena kuti, "Madala, tsiku lina mukamabwera, mayi awa muziwasiya kunyumba." M'chitini munatsala zokwanira tayala ndi mafuta.

Ulendo wobwerera sindidzauiwala. Apongozi anakhala tsonga, chifuwa chitagunda chiwongolero, akulankhula ndi magiya ngati ana osamva. "Lowa iwe. Ndati lowa." Njinga zinkatipitirira. Pachitunda chija bambo wina wokankha wilibala anatipeza, anapereka moni pawindo, anafunsa za kunyumba, n'kutsanzika kuti ali pachangu. Komabe tinafika mumsewu wathu bwinobwino, ana a anthu akuthamangira kutsogolo kwathu.

Geti linali lotsegula. Tikuyandikira, ine ndinaona chinthu. Kalilole wa mbali yanga, uja woonera zakumbuyo, anali atatuluka kunja ngati khutu, ndipo ankalunjika pa nsanamira ya geti. Apongozi anali atayeza thupi la kalole, koma makutu ake sanayeze.

Tsopano ine chikwatiwire sindinakuwirepo apongozi. Mawu okweza kwa iwo pakamwa panga satuluka. Ndiye ndinayamba mwaulemu wake.

"Pepani, bambo, sindikudziwa ngati ndikuona bwino, mwina ndine ndikulakwitsa, koma ndimati kapena mukanati..."

Khwaa!

Kalilole anathyoka pachogwirira, anadumpha kamodzi pa fumbi n'kukagwera pamapazi pa apongozi aakazi, omwe anali atatuluka kudzaona phokoso. Galasi silinasweke. Anamutola, anamuuzira fumbi, anadziyang'anamo mbali iyi ndi iyo.

"Zaka makumi atatu, ndiye mwandibweretsera woti ndizionamo diso limodzi?"

Anamuika m'thumba la epuloni n'kubwerera pakhonde. A Gogoda anatsika, thukuta lili kamukamu, akutsimphina pambuyo pawo.

"Amake ana, bwezani. Mwana aweruka faifi koloko, akapeza kalole kalibe khutu andiyesa chiyani?"

"Wandigwera pamapazi, ndi wanga."

"Ndi wa galimoto ameneyo!"

"Galimoto ili ndi wina mbali inayo. Ine ndilibe ndi mmodzi yemwe."

Anakambirana mpaka tiyi anazizira. Mapeto ake anali akuti ulendo woyamba wa kalole usakhale wa kasitomala, ukhale wa kogulitsa magalasi, felemu ija itanyamulidwa kumbuyo. Apongozi aakazi anawalumbiritsa atagwira bondo lodwalalo, kenako anapisa m'thumba. A Gogoda anathamangira mu shopu mmene bondo linawalolera. Anasema chogwirira chatsopano pa thabwa lolimba, anachimanga ndi masikuluu, n'kupaka vanishi. Kunena zoona, chinali chinthu chokongola kuposa china chilichonse pa kalole konse.

Faifi koloko itakwana bambo a Kabaluni anafika. Sanalowe m'nyumba. Anazungulira kalole, anasuzumira pansi, analiza injini, anatuluka nako kukayesa mabuleki, atapinda akalilole onse awiri ndi dzanja asanadutse pa geti. Ife atatu tinayang'anana. Palibe amene ankadziwa kuti amapindika.

Atabwerera anatsika akumwetulira. "Bambo, apa mwatola. Kalole n'kabwino."

Apongozi mtima unakhala m'malo. Koma mwana wa Gogoda ndi Gogoda. Anapinda chala n'kugogoda chogwirira chija. Go, go.

"Nanga ichi?"

"Anapanga choncho kufakitale."

"Vanishi wa kufakitale mpaka lero sanaume?" Anatembenuka n'kuona pa nsanamira pomwe panakalika. Kumwetulira kunatha. "Kalole kakhoza, bambo, koma dalaivala walephera. Bondo limene linagonja pa wilibala ndi lomwe liziponda buleki pachitunda, kabati ili kumbuyo? Lero ndi geti, mawa ndi mwana wa munthu. Shopu isatsekedwe, koma mupeze woyendetsa. Akapanda kupezeka, pangano lija lilipobe."

Apongozi anatulutsa laisensi ija m'thumba la jekete, anaiyang'ana, n'kukaibwezera pansi pa matchizulo.

M'mawa mwake sikisi koloko inandipezanso pa beseni, koma sowo sinalire. Ndinamva mapazi aja. Beseni sanaligogode. Anatembenuza ndowa n'kukhalapo pafupi nane, chinthu chimene sanachitepo.

"Apongozi, dzulo geti munaliona ndinu."

"Ndinachedwa kunena, bambo. Pepani."

"Utsi munauyeza ndinu. Wa makiyi uja munamugwiritsa mutu ndinu. Ine anthu ndimawagogodanso, kungoti sindigwiritsa ntchito chala. Inu ndinakugogodani kalekale, mumalira ngwe." Anakanda bondo. "Dalaivala wakunja adya phindu lonse, ndipo makabati anga aziwaponya ngati nkhuni. Ndayankhula kale ndi amuna anu, akuti zili kwa inu. Mukaphunzire kuyendetsa. Shopu ilipira sukulu yake, Kabaluni azitsala ndi agogo ake, azidziyang'anira limodzi pa kalilole watsopano."

Manja anga anali m'thovu, ndipo ndinasowa poyang'ana. Ndinangoti ndayamika, ndiyesa. Anadzuka pang'onopang'ono, anayenda mapazi atatu kulowera ku shopu, n'kutembenuka.

"Koma ndikupempheni chimodzi, apongozi. Mukadzakhala pa chiwongolero n'kuona ine ndaima kutsogolo, musadzayambe ndi pepani. Mudzangoimba hutala."