Makoko a Zithunzi

Ine tsitsi la m'nyumba mwanga silinagonepo pabwalo. Ndikameta mwana ndimasesa ndekha n'kukataya kuchimbudzi, zikhadabo chimodzimodzi. Kutchalitchi ndimapita, m'kwaya ya azimai ndinaimba mpaka mawondo atakana, koma anthu ndimawadziwa. Wokupatsa moni ndi manja awili ndi yemweyo amayang'anitsitsa pomwe waponda.

Ndiye musadabwe ndi zimene ndinachita tsiku limene ndinapelekeza mwana wanga wamkazi ku boma ku Petauke kukajambulitsa zithunzi za pachitupa. Tinachoka kwathu ku Nyampande m'mamawa, iye atavala bulauzi yobweleka kwa msuweni wake. Wojambulayo anali ndi kanyumba kuseli kwa msika ndi kamela ya maso anayi. Anamukhazika pampando, kung'anima kamodzi, basi. Kenako anasolola pepala m'mbali mwa kamela, naligwila kanthawi akuyang'ana wotchi, n'kulimatula pawili ngati akusenda nthochi. Mbali ina munali mwana wanga, nkhope zinayi zofanana. Inayo inali yakuda, yonyowa, yonunkha mankhwala, ndipo anaiponya m'katoni ya zinyalala pakhomo.

"Bambo, icho mwataya n'chiyani?"

"Ndi khoko chabe, amai. Lilibe ntchito."

"Khoko la ndani?"

Anangoseka. Ine ndinawelama n'kulitola. Nditalipendeketsa cha kukhomo kowala, ndinamuona mwana wanga ali momwemo, mwachimbuuzi, tsitsi loyela, maso ngati a munthu ali pansi pa madzi.

"Ndiye nkhope ya mwana wanga igone m'katoni, wodutsa aliyense atole?"

"Tengani amai, koma ponyowapo musakhudze, pamatentha zala."

Ndinalibaya pakona ndi munga m'kati mwa chivundikilo cha dengu, osakhudza kanthu, ndipo njila yonse dengulo linali pamiyendo panga. Kunyumba ndinalipachika kuchipinda, kutali ndi utsi, mpaka litauma gwa. Kuyambila pamenepo aliyense wa pakhomo panga akapita kukajambulitsa ankadziwa kuti khoko libwele. Malemu amuna anga lawo analikulunga m'nyuzipepala likadali lonyowa, ndipo mpaka lelo ali ndi zilembo pamphumi. Alamu anga, ang'ono awo a amunawo, analibweletsa akunyinyilika, akuti ndine mfiti yoopa mfiti zinzake. Onse ndinawaika m'chitini cha mabisiketi, kansalu pakati pa wina ndi mnzake, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha ndimawayala pamthunzi kuti asachite nkhungu.

Mwana wanga uja anakwatiwa kutali, ndipo anatisiya atangobeleka mwana wake woyamba. Malilo atatha akuchimuna anasonkhanitsa zonse, mbale, zofunda, ngakhale kachikwama komwe munali chitupa ndi zithunzi zotsala. Ine ndinabwelako ndi khanda lokha kumsana. Sindinalimbane nawo. Ndinali nditatenga chachikulu.

Khanda limenelo ndi mdzukulu wanga amene ndikunena pano. Anakula akufunsa kuti amai ake anali otani. Azakhali ake ena ankati anali wofiilila, ena wakuda, wina n'kumati anali ndi mpata m'mano, limene ndi bodza. Ine ndikafuna kufotokoza, mawu ankandithela pa mphuno ndi pa makutu. Khoko lija sindinamuonetse. Mwana ungamuonetse mai ake ali ndi tsitsi la nkhalamba ndi maso oyela mbee, usiku agona?

Atakula anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Nyimba amene ali ndi kashopu m'mbali mwa mseu waukulu. Amakopa mapepala a ana asukulu, amatchaja mafoni, amasindikiza zithunzi. Kwathu kuno mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wakonso wa nthabwala, choncho ndimamutcha amuna anga, mdzukuluyo n'kukhala mkazi mnzanga. Koma kuseka naye si kumukhulupilila. Munthu wa m'manja mosalala, wokhalila kugwila nkhope za eni tsiku lonse, ndinkamuyang'ana ndi diso limodzi.

Chaka chatha titakolola anabwela kudzationa, mdzukulu ali ndi pakati poonekela, ndipo anandipeza nditayala makoko pamphasa kuseli kwa nyumba. Ndinafuna kuphimba ndi chitenje koma ndinachedwa.

"Ambuya, izi mwazitenga kuti?" anatelo mwamunayo atagwada, manja ali kumbuyo. Pamenepo ndinamupatsako ulemu pang'ono, chifukwa wina akanayamba ndi kugwila.

"Zanga. Zikukukhudzani?"

"Mukudziwa kuti umu muli chithunzi chenicheni? Chakudachi ndi utoto chabe wa kumbuyo. Ukauchotsa ndi jiki wochapila uja kuwala kumadutsa, ndiye makina amatembenuza, choyela chikhala chakuda, chakuda choyela. Ndinaona pafoni anthu akuchita."

"Mwaona pafoni. Inuyo munachitapo?"

"Iyai."

"Ndiye mukufuna kuphunzilila pa anthu anga."

Mdzukulu ankangoyang'ana makokowo limodzi limodzi, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ambuya, amai alipo apa?"

Ndinaloza ndi mlomo. Anakhala pansi pomwepo, dzanja pamimba. Apo ndinadziwa kuti nkhani yavuta. Jiki ndimamudziwa, amadya nsalu mpaka kuboola. Khoko la mwana wanga linali limodzi padziko lonse. Likawonongeka ndiye kuti ndamuika m'manda kawili. Likakhala m'chitini, mdzukulu abeleka mwana osadziwa nkhope imene anachokako.

Mwamunayo anati atenge chitini akayese ku Nyimba. Ndinamuuza kuti chitini chimayenda ndi mwini wake. Tinakwela basi tonse, chitini pamiyendo, ndipo kondakitala atafuna kuchiika kumbuyo ndi katundu anamva zimene sanayembekeze.

Kushopu ndinangoyang'ana kamodzi n'kukana. Malole amadutsa pakhomo penipeni, fumbi lili pa chilichonse, ntchentche za pa nthochi za amalonda zikulowa ndi kutuluka. Ndinati ntchito ichitikile kunyumba kwawo, ndipo ndinawaza madzi pansi m'chipinda chonse tisanatsegule chitini. Iye anabweletsa galasi la pawindo, selotepi, jiki ndi beseni la madzi ozizila. Thonje ndinabwela nalo ndine, la m'munda mwanga.

"Tiyambe ndi la amai?" anafunsa mwamunayo.

"Mwapenga? Yambani ndi alamu anga. Akawonongeka palibe wolila."

Mdzukulu anaseka mpaka kugwila khoma. Alamuwo anatisiya kalekale, Mulungu awasunge, koma mbuzi yanga imene anabweleka sinabwelele.

Mwamunayo anawagoneka alamuwo chafufumimba pagalasi, namata m'mbali monse ndi selotepi, n'kuyamba kupaka jiki kumsana. Chakuda chija chinayamba kusungunuka ngati mwaye pa poto. Anatsuka, namatula. Pakona imodzi selotepi sinagwile bwino, jiki analowa pansi, ndipo pa nkhope zinayi za alamu anga ziwili zinapita, kunangotsala poyela ngati galasi.

Mwamunayo anatuluka thukuta. "Pepani ambuya."

"Pepesani eni akewo. Manje mwaona polowela?"

"Ndaona. Pakona pafunika kawili, ndi kutsindika ndi chikhadabo."

Sanabise, sananamizile selotepi. Ndinaziona zimenezo koma sindinanene.

Wachiwili ndinapeleka ine mwini. Ndinati ngati nkhope yanga ipulumuka m'manja mwanu, amuna anga, ndiye tikambilana. Anamata mofatsa, mkazi wake akumuunikila pomwe pali mpata. Jiki sanalowe. Kenako anatembenuza n'kutsuka mbali ya nkhope m'madzi ozizila, akusisita pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala mpaka mankhwala akale oumilila atateleleka n'kuchoka. Lonyowalo anafuna kuliimika pawindo kuti liume msanga. Ndinati ayi, lonyowa limaitana fumbi ndi tizilombo, ndaumitsa zimenezi kuyambila inu musanamele mano. Tinamanga ulusi m'kati mwa neti ya udzudzu pabedi pawo, n'kulipanika ndi pegi pakona, neti n'kuifunyila pansi pa matilesi.

"Mailo kukacha lidzakhala litauma," ndinatelo, "ndipo wina asatsegule kuti aone."

Kutacha linali louma, loonekela ngati phiko la chiswala. Tinapita nalo kushopu ndili nalo ine m'kansalu. Analiika pagalasi la makina ake aja okopela, pamwamba n'kusanjika foni yowala moyela kuti kuwala kudutse. Makina analila, pakompyuta panatuluka chinthu choopsa, iye anadina penapake, ndipo ndinadziona ndekha. Mai wa masaya odzaza, duku lopendekeka, akuyang'ana wojambula ngati wamubela nkhuku.

"Ambuya, ndi maso omwewa munandilandila nawo tsiku la chinkhoswe," anatelo.

"Ndipo sindinawasinthe."

Masana a tsiku lomwelo, titabwelela kunyumba kwawo, ndinatulutsa khoko la mwana wanga. Ndinaliika ndekha pagalasi. Selotepi anamata iye, ine n'kudutsamo ndi chikhadabo changa, mdzukulu n'kudutsamonso ndi chake. Pamene ankapaka jiki kunja kunkamveka mai wina akuitanila makasitomala a nthochi. Atamatula ndinalikweza cha kuwindo. Nkhope zonse zinayi zinalipo. Madzulo amenewo eni nyumba anagona pamphasa, bedi ndi neti zinali za mwana wanga, ine pampando pafupi.

M'mawa mwake kushopu mdzukulu anakhala kutsogolo kwa kompyuta, ine ndinaima kumbuyo kwake. Chithunzi chinatuluka chobiliwila pang'ono, ndi timadontho m'mbali, mwamunayo n'kumakonza mtundu mpaka ndinati imani pomwepo, khungu lake linali limenelo. Anali iyeyo. Kolala ya bulauzi yobweleka itapindika mbali imodzi, kachipsela ka pachibwano komwe anagwela pa mtondo ali wamng'ono, milomo atafinya poopa kuseka, chifukwa wojambula uja anali atamuuza kuti pachitupa saseka.

Mdzukulu anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwila khutu lake lomwe.

"Ambuya, makutu awa ndi anga."

"Ndi ake. Iwe unangobweleka."

Analila pang'ono, ine ndinayang'ana kumseu. Atapukuta maso anati amai ake ndi mwana chabe pamenepa, wamng'ono kuposa iye. Zimenezo sindinaziganizepo, koma n'zoona.

Mwamunayo anasindikiza ziwili zazikulu, china cha ku Nyimba, china changa. Ndinamufunsa kuti nanga chotsala m'makinamo chipita kuti. Anati chikhala momwemo mosungika. Ndinati mosungika ndi m'chitini. Anachisamutsila m'foni ya mkazi wake, cha m'kompyuta n'kufafaniza ine ndikuona, ndipo ndinamuuza atsegulenso paja pamapita zotayidwa, popeza ndinamva kuti makinawa nawo ali ndi katoni yawo pakhomo. Mapepala awili amene anayesela mtundu ndinawapinda n'kuika m'thumba.

Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi. Ndinapita kukamuona, ndipo choyamba ndinasuzumila m'kachipewa. Makutu ndi omwewo. Chithunzi cha ambuya ake, mwana wanga uja, chili pakhoma moyang'anana ndi bedi, kotelo akamayamwa amakhala ngati akuonana.

Changa chili kuchipinda, osati pabalaza pofika aliyense. Makoko anabwelela m'chitini, atatu oyela tsopano, alamu anga ndi nkhope zawo ziwili. Atsala amuna anga enieni ndi nyuzipepala yawo pamphumi. Wa ku Nyimba uja akuti akhoza kuyesa kuinyowetsa kuti imatuke. Atabwela komaliza ndinamuphela nkhuku, nthutumba n'kumuikila m'mbale mwake, mdzukulu n'kumati ambuya mwagonja. Sindinagonje. Ndamuuza kuti apeze kaye khoko la wina lomata nyuzipepala, ayesele pamenepo ine ndikuona.