Mabatire Anayi a Asikulu Damiano

A Damiano, amene timawatchula Asikulu, kutanthauza agogo, anagwira ntchito zaka makumi awiri pa maboti a kapenta ku Cahora Bassa, akukonza malaiti okopera nsomba. Maso atayamba kufooka anabwerera kuno ku Kavalamanja ndi mabatire anayi komanso kamota kakale. Kamotako anakaikira mapiko odula ku paipi, nakakweza pamlongoti. Mphepo ya mu Zambezi ikawomba, chifanicho chimapanga magetsi.

Ine ndinayamba kupitako chifukwa cha Lena, mwana wanga wa zaka zitatu. Ali ndi asima. Mlamu wanga ku Lusaka anatumiza kamakina kofukizira mankhwala, koma mbali yathu ino magetsi ali kwa a Damiano okha.

Mabatire awo, olumikizana onse anayi, amafuna mavolti 48. Chifani chimangokwanitsa kudzaza limodzi la 12.

"Amake Lena, fani yanga ili ndi bere limodzi, ana anayi," ankatero. "Amayamwa mosinthana."

M'mawa uliwonse ankakoka chingwe kuti mapiko aime, kuzimitsa invata, kabokosi kotulutsa magetsi a m'nyumba, kenaka kusamutsa zopanira ziwiri za mawaya kupita pa batire lotsatira. Limodzi likagona ndi njala, invata imakana kuyaka. Ine ndinkangoyang'anira patali. Mawaya ndimawaopa.

Mu Ogasiti, mwezi wa fumbi, kunagwa maliro a mlongo wawo ku Zumbo. Anandipatsa kiyi ali kale m'bwato, kuti ndizisamutsa zopanira ndine.

"Asikulu, nanga magetsiwo akandigwira?"

"Maso akowo anandibera ntchitoyi kalekale. Chofiira pa chofiira, basi."

Tsiku loyamba ndinaima pakhomo nthawi yaitali. Ndinakoka chingwe. Chopanira chitathetheka ndinakuwa, nkhuku n'kubalalika. Koma chinagwira. Mawa lake ndinasamutsanso.

Tsiku lachitatu masana, fumbi litakwera kuchokera kumchenga, chifuwa cha Lena chinayamba kulira ngati wezulo. Kuchipatala ku Boma ndi kutali. Ndinamubereka, n'kuthamangira kwa a Damiano. Ndinathira mankhwala, n'kudina batani la invata osapuma. Kanyale kobiriwira kanayaka. Kamakina kanayamba kung'ung'udza, nthunzi ikutuluka, ndipo pang'onopang'ono mapewa a mwana anatsika.

A Damiano atabwera anayeza mabatire limodzilimodzi, mita ili pafupi ndi mphuno.

"Onse akhuta," anatero. "Nanga mwana wachisanu uja?"

Ndinaloza panja. Lena anali kuthamangitsa abakha awo.