Khoma la Jesina ku Joni

Pa Kamwendo panalibe munthu wondiposa pa nkhani ya kunenerera mtengo. Zaka zija matipate atangoyamba, ndinkanyamula shuga panjinga kukagulitsa ku Chipata, pobwera nditasenza zitenje, ndipo mbali zonse ziwiri za malire amalonda ankandiona ngati chimfine. Chida changa chinali chimodzi basi, kuchoka. Wogulitsa akauma mutu, ndinkamubwezera katundu wake ndi manja awiri, kutsanzika mwaulemu, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Ndisanafike patali ndinkamva, "Bwerani achimwene, tengani, koma mwandipha." Ndiye tsiku lina nditakhala pakhonde la telala ndinalengeza kuti Mchinji yandichepera, ine Dikisoni ndikupita ku Joni kukaphunzitsa azungu kugula.

Amayi sananditsutse. Anangoti, "Ukafike bwino, koma pasipotiyo usakagulitse." Mlongo wanga Jesina sanasambe n'komwe m'manja potsanzikana nane. Khirisimasi inali pafupi, ndiye anali kalikiliki kuzira khoma la nyumba ya amayi monga ankachitira chaka chilichonse: katondo wofiira pansi, dothi lakuda la kudambo m'mphepete, pakati n'kujambulapo nkhanga ndi maluwa a maungu pogwiritsa ntchito phulusa ndi dothi loyera. Anandipatsa chigongono m'malo mwa dzanja. Wojambula zithunzi wa pamsika anatijambula titaima pakhomalo, ndipo chithunzicho ndinapita nacho m'chikwama.

Ku Joni azungu ndinawapeza akudziwa kale kugula. Ndinayamba kugulitsa ziboliboli za munthu wina m'mbali mwa msewu, kugona m'kachipinda kamene tinkapanikizanamo ngati fodya m'belo. Kuzizira kwake, anzanga, kumalowa mpaka m'mano. Ndalama ndikazipeza ndinkapatsira amatransipota, theka n'kufika kwathu, theka n'kudwala panjira. Kuti ndimve mawu a amayi ndinkaimba foni ku byulo ya matelefoni ya pa Kamwendo, kuuza mayi wa pabyulopo kuti akawaitane, kenako n'kuimbanso. Ndinkawauza kuti zinthu zili bwino kwambiri. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi chimene sindinkamva chiyankhulo chake, kungofuna kuti wina andigwire dzanja.

Chimene chinkandidyetsa ndi pakamwa. Chiboliboli chilichonse ndinkachipekera mbiri. Tsiku lina panabwera mtsikana wovala magalasi, tsitsi lometa, ndipo ndinamuthira Chingerezi changa chonse, kuti chosema ichi n'chakale kwambiri, agogo a agogo anga ankachibisa kuphanga. Anachinunkhiza n'kundiyankha m'Chichewa.

"Achimwene, polishi wa nsapato sanaume n'komwe. Kwanu n'kuti?"

"Kamwendo, asisi."

"Ine ndakulira ku Mlonyeni. Tsitsani mtengo, ndine wakwanu."

Uyo anali Tereza. Makolo ake anachokera ku Thyolo kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya, ndipo iye anakula akusoka fodya ndi kusamuka esiteti ina kupita ina. Masisitere ena anamuona kuti mutu ukugwira n'kumulipirira sukulu. Anaphunzira mpaka ku Zomba, kenako anapeza mwayi wa maphunziro ku Joni. Pamene ndinkakumana naye n'kuti akugwira ntchito m'nyumba yoonetseramo zaluso, imene iwo amati galale. Ntchito yake ankaitchula kuti kyureta. Nditamufunsa kuti chimenecho n'chiyani, anati ndi munthu amene amasankha zoti anthu aone, kuzikonza m'chipinda, ndi kulemba mawu ofotokoza chifukwa chake zili zofunika.

"Ndiye kuti simujambula, simusema?"

"Ayi."

"Mumangotenga cha wina, kuchiika pabwino, n'kuchipekera nkhani?"

"Sitipeka, achimwene, timafufuza."

"Asisi, ntchito imeneyo ndi yanga. Kungoti inu muli ndi denga."

Anaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo sabata yotsatira anandipezera ganyu kugalaleko. Ndinkanyamula mabokosi, kukhoma misomali, ndipo chionetsero chikatha tinkapaka makoma penti yoyera kuti china chilowe. Kumeneko ndinawadziwa anzake a Tereza, onse achinyamata. Wina wa ku Zimbabwe anathawa maphunziro a zamalamulo, bambo ake mpaka lero sakumuyankhula. Wina anali mwana wa mzungu wolemera, yekhayo amene sankadandaula malipiro akachedwa. Onse ankavala zakuda ngati ali pamaliro, ndipo onse ankasaka chinthu chimodzi: kupeza waluso amene wina aliyense sanamupeze. Ukamupeza woteroyo, dzina lako limakwera limodzi ndi lake. Tereza yekha ndiye analibe kobwerera zikakanika. Ankanena yekha kuti kumbuyo kwake kuli shedi ya fodya basi.

Pamsika wogula akakusangalatsa umamuikira basela. Ine basela langa kwa Tereza linali chithunzi chija. Tinali kudya chipisi pamasitepe, tikukamba za kwathu, ndiye ndinachitulutsa kuti aone amayi. Iye sanayang'ane amayi, sanayang'ane ine wa jekete yobwereka. Anayang'ana khoma. Maso amenewo ndimawadziwa, ndi maso a wogula amene wagwa kale m'chikondi koma akuyesa kubisa.

"Wajambula ndani?"

"Mlongo wanga. Amachita chaka chilichonse."

"Mudzi uti?"

Ndinamuuza mudzi, njira yokhotera pachigayo, ngakhale dzina la amayi. Ine amene sindinkaulula ngakhale kumene ndinkapikula zitenje.

Posakhalitsa nkhani inakula. Tereza anapatsidwa mwayi wokonza chionetsero chake choyamba payekha, ndipo anafuna kuti Jesina abwere ku Joni, ndi matumba a dothi la kwathu, adzazire khoma lonse la m'galale. Apa ndinaona kuti tsiku langa lafika. Pakhomo pa chionetsero chilichonse amalemba pakhoma mayina a amene achikonza, ndipo ndinali nditaona kuti munthu wa dzina pakhoma sathamangitsidwa ndi apolisi, amamupezera mapepala. Ndinalowa mu ofesi yake nditachapa malaya.

"Asisi, katundu ndi wanga, denga ndi lanu. Dzina langa likhale pambali pa lanu, ndipo mundipezere mapepala a ntchito."

"Achimwene, dzina lanu ndiliika pa anthu othokozedwa. Za mapepala ndiyesa kukamba ndi mabwana, koma sindingalonjeze."

"Othokozedwa? Pamodzi ndi wophika tiyi?"

"Ndaphunzira zaka zambiri kuti dzina langa lifike pamenepo. Sindingaligawe ngati chigumu."

Ndinamwetulira mumtima. Mtengo woyamba suvomerezedwa, aliyense amadziwa. Ndinatenga chithunzi changa patebulo, kutsanzika mwaulemu wonse, n'kutuluka pang'onopang'ono. Pakona ndinaima, kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Ndinagula nthochi, kudya, kutaya khoko. Chitseko cha galale sichinatseguke. Ndinati palibe kanthu, wogula wochenjera amagona kaye. Mawa lake sanabwere. Ndinabwerera ku ziboliboli zanga ndikudziuza kuti wobwerera yekha ndiye wagonja, ndipo popanda ine Jesina sangakwere ngakhale minibasi ya ku Lilongwe.

Miyezi inadutsa. Ndinkaimbabe kwathu, amayi n'kumandiuza za mvula, za feteleza, za amene wamwalira. Ndikafunsa za Jesina ankati wapita kumunda, tsiku lina wapita kukwaya, tsiku lina mutu ukumupweteka. Ndinkati mwana ameneyu walimbikira ulimi chaka chino.

Kenako kapitawo wa kugalale, bambo wa ku Mozambiki, anandipeza pamsewu. Anati anthu achepa, kuli ganyu wopaka penti. Ndinati ayi, andiitana ndithu, angochita manyazi kubwera okha. Ndinalowa ndi chidebe m'manja ngati mkwati.

Fungo ndi limene linayamba kundipeza, fungo la dothi la kudambo kwathu. Nditakweza maso ndinaona khoma lalitali kuposa tchalitchi chathu, lonse lozira. Katondo pansi, mzere wakuda m'mphepete, nkhanga zikuyenda chammbali momwe amazijambulira munthu wamanzere. Pa dziko lonse ndimadziwa munthu mmodzi yekha amene amaiwala kupatsa nkhanga mwendo wachiwiri. Pakhomo panali dzina la Tereza m'zilembo zazikulu, pansi pake la Jesina. Ndinawerenga othokozedwa onse mpaka pansi. Wophika tiyi analipo.

Kapitawo anandiuza kuti mayi wojambulayo anakhala masabata angapo, ankagona kwa Tereza, anthu anadzaza tsiku lotsegulira, manyuzipepala analemba. Mlongo wanga, mumzinda womwewo, mtunda woti ndikanayenda wapansi. Tereza naye anali atanyamuka kale, chionetserocho chinamupezera ntchito ku Ulaya.

"Tiyambe," anatero kapitawo. "Choyamba tipale dothili, kenako penti."

Mukuganiza kuti ndinataya chidebe n'kutuluka? Kutuluka ndinali nditayesa kale. Lendi inali itakwana. Ndinatenga chopalira, n'kuyambira pa nkhanga ya kumanzere. Dothi la kwathu tinalitulutsa pa wilibala kukataya kuseri.

Ku Joni ndinakhalako zaka zina, wopanda mapepala, mpaka tsiku limene apolisi anandipeza miyendo itatopa. Ananditsekera, kenako anatikweza ndege kutibweza kwathu. Paulendowo ndinadzitonthoza kuti m'banja mwathu ndine woyamba kukwera ndege. Tili m'mwamba ndinakumbukira kuti ayi, Jesina ananditsogolera, ndipo iye anakwera wopanda wapolisi pambali.

Ndinatsika pa Kamwendo ndi jumbo imodzi. Wakabaza amene ananditenga anali wachilendo kwa ine. Nditamutchulira mudzi anatembenuka.

"Kodi inu ndi achimwene awo a Jesina wa ku Joni?"

Zaka zonse zija ndikuzizidwa kumeneko, wa ku Joni anakhala iye.

Nyumba ya amayi sindinaizindikire. Pamalo pake panali ya njerwa zootcha, ya malata, makoma opaka simenti, yomangidwa ndi ndalama zimene Jesina anabwera nazo ku Joni. Amayi analira, kundigwiragwira kumaso, n'kunena kuti ndaonda. Za kumunda ndi kukwaya zija sanazitchule, ndipo nditawayang'anitsitsa anapita kukathamangitsa nkhuku zimene sizinalakwe kanthu. Pambuyo pake ndinamva kuti mudzi wonse unkadziwa. Mayi wa pabyulo ankadziwa, abusa anamupempherera Jesina asananyamuke, amayi a mvano anathandiza kukumba dothi. Anthu amene ndinkati sangagule mchere popanda ine anasunga chinsinsi chaka ndi chaka, osadontha ngakhale mmodzi.

Jesina ndinamupeza kuseri akusenda chinangwa.

"Unafika ku Joni osandifuna?"

"Ndinakufunsani, achimwene. A Tereza anati munachoka nokha mutakwiya. Ine ndinawauza kuti achimwene akachoka amakaima pakona, kawaitaneni. Anangoseka."

"Nanga iwe osaumirira bwanji?"

Anasenda chinangwa china mpaka kumaliza.

"Mukanabwera, mukanayankhula ndinu. Mukananena kuti nkhangazo ndi mizimu ya makolo. Ine ndinkafuna ndinene ndekha kuti ndi nkhanga."

Ndinafunsa ngati Tereza amalemba kalata. Anati poyamba ankalemba, kenako zinasiya. Anamulonjeza kuti adzamuitana ku Ulaya, koma anamva kuti tsopano akuonetsa za amayi ena oluka madengu a dziko lina. Ndinafunsa chifukwa chake makoma a nyumba yatsopanoyi ali mbuu ngati chipatala. Anati dothi siligwira pa simenti, limangosweka n'kugwa. Chibwerere sanazirenso khoma, kupatula kakhitchini.

Kenako anandiyang'ana, maso akuwala ngati a kamwana.

"Koma khoma lija munaliona? A Tereza anati anthu azidzaliona zaka zambiri. Lilipobe?"

Pakamwa panga, pamene panagulitsa polishi wa nsapato ngati chuma cha makolo, panasowa bodza. Ndinamuuza kuti kumeneko chionetsero chikatha amafufuta, ndipo wopala dothilo ndinali ine, pa ganyu. Jesina anatola chinangwa china.

"Mvula imachita zomwezo chaka chilichonse," anatero. "Kungoti mvula sailipira."

Lero ndili pa Kamwendo pomwepa, ndikugulitsa makhadi a mayunitsi ndi mabatire a foni, malonda amene mtengo wake ndi wolembalemba, osanenerera. Tereza ndimamva kuti ndi munthu wamkulu, amayenda m'mayiko kusankha zoti azungu aone, ndipo sindikayika kuti pofotokoza mbiri yake amatchula shedi ya fodya ndi khoma la ku Mchinji. Mwina akanagawa dzina lake tsiku lija sakanafika kumene ali. Jesina amagona m'nyumba yosadontha imene sangaijambule, ndipo akadutsa pabenchi yanga amandipatsa moni ngati wa kutchalitchi. Ine ndiye ndinapeza katundu, ndinapeza wogula, ndinalozera njira mpaka pachigayo. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani, pa atatufe anapindula ndani?