Masamba Amene Ndinapatsa Mkazi wa Wapolisi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili pampopi kuseri kwa nyumba yathu ku Unit C, m'tauni ya Chitungwiza, ndikutsuka mbale zotsukatsuka kale, pamene azakhali anga aNabanda anatulukira pageti akuthamanga. Mayi wonenepa uja kuthamanga! Duku lili m'manja, nsapato imodzi kuphazi, inayo inatsala pokwerera basi.

"Esinati! Iwe Esinati! Vabuda! Amayi ako atuluka!"

Mbale inagwa, ine ndinakhala pansi m'matope momwemo. Kulira ndinalira, kuseka ndinaseka, zonse pakamwa pamodzi. Pakuti amene anamangitsa amayi anga sanali mdani ayi, sanali wansanje ayi. Ndinali ine mwana wawo.

Imvani mmene zinayendera. Mlongo wanga wamng'ono, Joji, anabadwa ndi mphumu. Ikafika Juni, kuzizira kwa Chitungwiza kuja kolowa m'mafupa, chifuwa chake chinkaimba mluzu, fyii, fyii, mpaka a nyumba yoyandikana kumva. Amayi anakulira pafamu ya fodya, kumene makolo awo ochokera ku Dedza ankagwira ntchito, ndipo kumeneko chipatala chinali ulendo wa tsiku lathunthu. Mankhwala a mphumu amene anaphunzira kwa amayi awo anali masamba a chamba, chija anzathu Achishona amati mbanje, kuwiritsa n'kumwetsa wodwala madzi ake. Choncho kuseri kwa chimbudzi, pakati pa nzimbe ndi mpanda, panali mitengo iwiri. Iwiri yokha basi. Abambo anali a kwaya, ngakhale fodya wamba sankamudziwa kukoma kwake.

"Awa ndi mankhwala a Joji, usakhudze," amayi ankatero.

Koma kwathu tinaphunzitsidwanso kuti mnzako akadwala, supita chimanjamanja. Tsiku lina Mai Tendai, ndiye kuti amake Tendai, a mzere wathu womwewo, anadandaula pampanda kuti mwana wawo akutsokomola moti chakudya sichikulowa. Amayi anali ku Makoni kogulitsa tomato. Ine ndi mtima wanga wabwinowo ndinathothola masamba odzaza dzanja, kukulunga m'nyuzipepala, ulendo!

"Mai Tendai, wiritsani awa. Ndi amene amamwa Joji."

"Maita basa, mwanangu," anathokoza m'Chishona, n'kutereka poto. Mayi wokulira ku mishoni, chamba sanachionepo chili chachiwisi.

Amuna awo anali apolisi. Ndinkadziwa ndithu, yunifolomu ndinkaiona pachingwe Loweruka lililonse, koma mutu wa mwana sulumikiza zinthu. Anabwera masana kudzadya, mphuno n'kuwatsogolera kuchitofu. Dzuwa lisanapendeke galimoto inali itaima pageti pathu. Mitengo ija anaizula ndi mizu yomwe, amayi anawatenga atavala epuloni ya kumsika. Pokwera anandiyang'ana n'kungoti, "Joji umuveke juzi."

Masabata awiri, abale anga, masabata awiri ali m'chitokosi kudikira mlandu! Pamzere pathu aliyense anasanduka woweruza. Uyu akuti miyezi isanu ndi umodzi, uyo akuti zaka ziwiri, wina akuti anthu a ku Malawi ndi chamba chawo, asiyeni aone. Abambo ankadzuka kupita kufakitale osandikalipira, osandiyang'ana. Bola akanandimenya. Kusukulu ndinaleka kupita, ndinkangosesa posesasesa, kuchapa zochapachapa, khutu lili pachifuwa cha Joji.

Za kukhoti ndinazimva kwa azakhali, amene anazibwereza kambirimbiri mpaka ndinaziloweza ngati nyimbo ya Sande sukulu. Asanaitane amayi, anayamba aweruza bambo wina amene ankagulitsa timipukutu ta chamba kwa ana a sukulu ku Chikwanha, ndipo anamupeza ndi thumba lathunthu. Ameneyo anamutumiza kundende zaka. Azakhali akuti mumtima anangoti, chamba ndi chamba, basi mlamu wapita.

Koma atafika pa amayi, woweruza anachotsa magalasi n'kuyamba kuwafunsa kudzera mwa womasulira.

"Mitengo ingati?"

"Iwiri, bwana."

"Munagulitsapo?"

"Ayi, bwana."

"Alipo amene wavulala nayo?"

Wapolisi wa mlanduwo anati palibe. Apo abambo anaimika dzanja, atagwira khadi la Joji la kukiliniki, lakuda ndi zidindo. Woweruza analitembenuza uku ndi uku. Kenaka anati mlandu ulipo, lamulo laphwanyidwa, miyezi itatu. Koma miyeziyo anaipachika m'mwamba: mayiyu apite kwawo, akadzabzalanso ndiye idzamugwera. Ndipo mwana wodwalayo azipita naye kwa adokotala, osati kuseri kwa chimbudzi.

Azakhali sanadikire zosainasaina, anathamangira basi yoyamba kudzatiuza. Ine nditadzuka m'matope muja ndinapita pamtengo wa mabulosi, kuthyola mkwapulo wautali bwino, kuusadzula masamba, n'kukagwada nawo pageti. Amayi anafika ndi abambo, ataonda, milomo itauma.

"Nanga ichi?"

"Mundikwapule, amayi. Ndinakumangitsani ndine."

Anaulandira, anauyesa m'mwamba, fyuu!

"Mlamu, mupatseni ziwiri zokha," anatero azakhali akupumira m'mwamba. "Timanja tosamva iti tandithamangitsa ngati mtsikana lero."

Amayi anati, "Esinati, masamba aja unapereka kuti ine ndimangidwe?"

"Ayi, kuti Tendai achire."

"Ndinati usakhudze, iwe unakhudza. Mlandu wako ndi umenewo, winawo ndi wanga, ndinabzala ndine. Kuyambira mawa Joji uzimuperekeza ndiwe kukiliniki, ndipo pamzere uziima ndiwe. Dzuka, ukuipitsa diresi."

Chaka chathunthu ndinaima pamzere umenewo, mphepo ikundimenya m'miyendo, ndipo sindinadandaule ngakhale tsiku limodzi. Chinali chilango chondikwana ngati nsapato ya saizi yanga. Joji nayenso mapiritsi anamuyanja, lero ndi bambo wa chimimba chake.

Chimene chinandikhala mumtima ndi chimene amayi anatiuza akusamba m'manja. Anabwera opanda bulangete lawo. Analisiyira mtsikana wina wa ku Mozambique, dzina lake Rozina, wa khanda kumsana, amene anamupeza ndi kampukutu kamodzi ka mwamuna wake m'chikwama cha matewera. Iyeyo anakumana ndi woweruza wina, m'chipinda china, n'kumupatsa miyezi isanu ndi inayi, yolowa ndithu, khanda ndi amake omwe.

"Ine sindinamupose Rozina chilichonse," amayi anatero. "Tinangolowera zitseko zosiyana."

Lero ndine gogo wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndipo chamba sindichiyamikira ayi. Ndaona ana a anzanga atauma ngati nkhuni pa Makoni chifukwa cha utsi ndi zina zatsopanozi. Wogulitsa kwa ana amangidwe, ndipo ndidzaimba nthungululu. Koma kampukutu kamodzi si thumba, ndipo mayi wolakwitsa mankhwala si wamalonda. Ndende sitenga munthu mmodzi, imatenga ndi amene amadya m'manja mwake. Akanawatsekera amayi zaka ziwiri zija, chimene chikanapweteka Joji koposa chikanakhala chilango. Lamulo lizifunsa kaye kuti wavulala ndani, ndipo lizifunsa chimodzimodzi m'zipinda zonse, kuti Rozina naye azibwerera kwawo.

Koma tsiku limenelo, ee, tsiku limenelo tinavina! Tambala wa abambo anafa, tiyi anaphikidwa mumphika wa pamaliro, mabanzi anachokera kumene sindikudziwa. Anabwera aNaphiri aakulu a ku St Mary's ndi ana awo Filipo ndi Dorika. Anabwera amalume aLaisoni ndi gitala ya zingwe zinayi. Anabwera aMbewe a kwaya ndi akazi awo aNasimango, aTembo osoka nsapato, aZuze a ku Tete ndi njinga yawo, amake Fanuelo, amake Loveness, amake Witinesi ogulitsa nawo tomato. Anabwera Mai Tendai maso ali pansi, shuga ali m'manja, amayi n'kuwakokera m'bwalo. Anabwera Agnesi ndi Keresiya anzanga a fishifishi, masewera odumpha chingwe. Ndipo pomalizira anabwera agogo aChisale osaona aja, atagwira ndodo, anafunsa kuti ukwatiwu ndi wa yani, n'kuyamba kuvina asanayankhidwe.