Zala za Bambo ndi Mphaka wa Pasitima

Bambo anga anaduka zala ziwiri pa sitima yochotsa mabomba m'nyanja ku Mombasa, pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, koma m'mbiri ya sitimayo dzina lawo munalibe. La mphaka linalimo.

Mbiriyo ndinaiona mu 1995, ndili pasukulu ku Birmingham. Ndinawerenga m'nyuzipepala kuti asilikali otsala a sitimayo akulemba kabuku, ndipo mlembi wawo amakhala ku Nuneaton. Nditawauza bambo m'kalata, anayankha kuti ndiwatumizire kabukuko, adzukulu akawawerengere pamene pali dzina lawo.

Mlembiyo anali nkhalamba yaulemu, yopuma ntchito kufakitale ya magalimoto ku Longbridge. Nditafika kwawo anandipatsa tiyi, kenako mapepala a kabukuko. Zonse zinalimo: kumene sitimayo inakhomedwa, madoko amene inaima, nthawi imene inapakidwa utoto, kumene anakaiphwasulira. Mphaka anali ndi ndime yakeyake. Anthu akuda onse anawapanikiza m'mawu atatu: “ndi antchito akumaloko.”

Patsamba lina panalembedwa kuti waya wodulira zingwe za mabomba anaduka, sitima n'kukhala padoko masiku awiri. Ndinaikapo chala n'kufunsa mlembiyo.

“Bambo, wayayu ataduka, anamenya ndani?”

Nkhope yawo inawala. “Ndinalipo ine! Anamenya boyi wina. Magazi ali chuchuchu, koma iye osalira.”

“Dzina lake?”

“Tinkangoti boyi.”

“Nanga mphaka munkangoti mphaka?”

Anayang'ana m'kapu. Ndinawauza kuti boyiyo ndi bambo anga, ali moyo ku Ntcheu, ndipo zaka makumi asanu khasu akhala akuligwira ndi zala zitatu.

“Pepani, mwanangu. Koma komiti imafuna umboni wolembedwa.”

Chikalata cha bambo cha kunkhondo chinadyedwa ndi chiswe ndisanabadwe. Ndinafunsa kuti chikalata cha mphaka anachipeza kuti. Sanaseke, inenso sindinkaseka.

Kunyuzipepala kumene ndinkagwira ntchito kwathu anandiphunzitsa kuti mboni yoona ndi maso imakwana. Ndinalemba zimene anali atangonenazo, liwu ndi liwu, ndi dzina la bambo pamwamba m'zilembo zikuluzikulu, n'kuwapatsa cholembera. Anachitembenuzatembenuza, tiyi mpaka kuzizira. Kenako anasayina.

Komiti inali yoti ikumane Lachisanu, kabuku n'kupita kosindikiza ku West Bromwich Lolemba. Palibe anandiitana. Ndinagula tikiti ya Lachisanu yopita kumsonkhanowo.