Kabuku ka Morishasi m'Chikwama cha Amalume

Kabukuko kanali kopyapyala, ka mapepala oterera ngati tsamba la nthochi lanthete. Pachikuto panali nyanja ya mtundu umene ndinali ndisanauonepo pa chinthu china chilichonse, ndipo m'mphepete mwake munali mchenga woyera ngati ufa wa chinangwa. Pamwamba panali dzina la dziko: Morishasi. Kankanunkha sopo wa m'chikwama komanso kautsi pang'ono. Kanali ka amalume, ndipo m'chisanu cha chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 ndinkakafuna kuposa chakudya.

Amalume anabwera kwathu titangomaliza kukolola chimanga. Akazi awo anali atamwalira m'dzinja. Iwo anali mkamwini, ankakhala kumudzi kwa mkazi kuseri kwa Namitambo, ndipo patapita miyezi ingapo abale a malemuwo anawasudzula. Nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga ndi manja awo inatsala komweko. Munda unatsala komweko. Ana awo atatu anatsalanso komweko, poti kwathu ana ndi a kuchikazi. Anafika pakhomo pa mlongo wawo, amayi anga, ali pa njinga ya kabaza, ndi chikwama chimodzi ndi mpeni wawo wa kukhitchini wokulungidwa m'nyuzipepala. Palibe amene anaona chachilendo. Nanenso ndinangosangalala kuti munthu amene anafikako ku Morishasi azigona kuseri kwa khoma langa.

Anafikakodi. Kale ankagwira ukhukhi ku Limbe kwa bwana wina amene kwawo kunali ku chilumbako, ndipo chaka china bwanayo popita kukakwatitsa mwana wake anawatenga kuti akathandize kuphika. Anakhalako miyezi itatu. Akazi awo ali moyo, nkhani imeneyi sinkatha pakamwa pawo. Akabwera kudzacheza ankaimirira pabwalo n'kumayerekezera mmene ndege imapendekera potera, mpaka amayi ankati, "Achimwene, khalani pansi, mutigwera." Amalume amene anatsika pa kabaza tsiku limenelo anali ena. Ankakhala pakhonde kuothera dzuwa, kutong'ola chimanga pang'onopang'ono, mbewu imodziimodzi, ngati wina wawauza kuti akamaliza palibenso china chochita.

Nthawi yomweyo aphunzitsi anatipatsa ntchito. Kunkabwera alendo ochokera ku boma kudzayendera sukulu, ndipo kalasi yathu inayenera kuumba mapu a mayiko pansi, kuseri kwa buloko ya makalasi, pogwiritsa ntchito dothi ndi miyala. Anzanga anagawana Malawi, Mozambiki, Zambiya ndi Tanzaniya. Ine ndinakweza dzanja n'kunena kuti ndiumba Morishasi, ndekha. Aphunzitsi anatsegula buku la mapu limodzi lomwelo la sukulu yonse, nasakasaka ndi chala kum'mawa kwa Madagasika. Atapeza anaseka. Kanali kadontho ngati chitosi cha ntchentche.

"Ukufuna kuumba ichi?" anatero. "Chabwino. Koma zimene uikemo ndizione m'buku. Za m'mutu mwako ine ayi."

Anzanga ankati dziko lopanda malire ndi dziko lina si dziko. Mmodzi anafunsa kuti nanga anthu ake akafuna kukagula chimanga chotchipa amawolokera kuti. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mumtsinje wa kumunsi kwa mudzi, amene pofika Julaye tinkawadumpha osanyowa.

Choncho tsiku lililonse ndikaweruka ndinkakhala pansi pafupi ndi lichero la amalume n'kumawafunsa. Ankayankha, koma mwachidule, maso ali pa chimanga. Anati kukula kwake n'ngati boma la Mulanje basi, ukanyamuka m'mawa pa galimoto, dzuwa lisanafike pamutu wafika kumapeto. Anati pakati pake m'pokwera ndi pozizira, amalimapo tiyi, ndipo mapiri ake ndi osongoka ngati mano a galu. Kwina konseko ndi nzimbe zokhazokha. Anati mafunde aakulu safika kumtunda, amasweka patali pa mpanda wa miyala ya m'madzi umene unazungulira pafupifupi chilumba chonse, ndipo mkati mwa mpandawo madzi ndi odekha, oonekera mpaka pansi. Anati kuli malo ena pamene dothi lili ndi mitundu isanu ndi iwiri, ndipo anthu amabwera pa mabasi kudzangoliona.

"Dothi?" ndinafunsa.

"Dothi. Ena amauluka kuchokera ku Ulaya kuti adzangogona pamchenga atadzola mafuta, n'kumadzitembenuza ngati makaka oyanika padzuwa."

Apo pokha ndi pamene ndinaona pakamwa pawo pakugwedera ngati akufuna kuseka. Kenako anabwerera ku chimanga chawo.

Nditapita ku koleji ndinachiona chilumbacho pa kompyuta, chojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo zonse zimene ananena zinali momwemo, mpaka mzere woyera wa mafunde osweka patali. Munthu amene sanapitirire Sitandade 4 anandipatsa mapu olondola ndi pakamwa pokha. Koma ine pa nthawiyo mawu sindinkawawerengera. Ndinkafuna kabuku. Ndinkadziwa kuti kali m'thumba la m'kati mwa chikwama chawo, chifukwa masana ena ndinawaona atakatulutsa. Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti sankaona n'komwe zithunzi. Ankangotsegula chikuto, n'kuyang'ana mkati mwake kwa nthawi yaitali, n'kutseka. Nyanja yonse ija ili m'manja mwawo, iwo n'kumathera pa tsamba lopanda chithunzi!

Ndinawapempha katatu. Koyamba anati, "Mawa." Kachiwiri anati, "Kang'ambika, mphwanga." Kachitatu amayi anandikokera kukhitchini ndi khutu.

"Uwasiye amalume ako. Sukuona?"

Ndinkaona. Ndinkaona munthu wamkulu woumira ndi kabuku kamene anangotola kwaulere pa bwalo la ndege.

Chilumba changa ndinachiumbabe. Dothi ndinakatapa pa chulu, n'kuliponda ndi mapazi m'mawa kukuzizira mpaka zala kuchita dzanzi. Mapiri ndinawasongola ndi supuni yakale. Nzimbe zinali timaudzu tobzala m'mizere, ndipo mpanda wa m'madzi unali zigoba za nkhono zimene ndinatola m'munda wa nandolo. Nyanja ndiyo inandivuta. Ndinakumba ngalande kuzungulira chilumba chonse n'kuthiramo ndowa zinayi za pa mjigo, koma pofika nthawi ya buleki madzi onse anali atalowa pansi, kutsala matope. Ndinayesanso mawa lake, chimodzimodzi. Mapeto ake ndinayala majumbo abuluu n'kuwapsinja ndi timiyala. Pa dothi la mitundu ija ndinapeza katondo, makande, mchenga wa kumtsinje, phulusa, makala osinja ndi njerwa yopera. Mtundu wachisanu ndi chiwiri ndinausaka sabata yathunthu osaupeza. Kenako kunabwera chiperoni cha masiku atatu, mapiri anga n'kufewa ngati phala, ndipo litangowala dzuwa mbuzi ya munthu wina inaponda pa likulu la dziko.

Ndinakonzanso zonse. Aphunzitsi anabwera Lachitatu, manja kumbuyo, nazungulira kamodzi.

"Nkhonozi n'zachiyani? Ndani anakuuza kuti nyanja ili ndi mpanda? Lachisanu undionetse buku. Apo ayi tisalaza pano, ukathandize anzako a Mozambiki kutunga madzi."

Sindiwaimba mlandu aphunzitsiwo. Anali ndi ana oposa amene akanakwana m'kalasi, buku la mapu limodzi, ndi alendo amene akanawafunsa iwo, osati ine, ngati pakanapezeka zabodza. Analinso ndi lamulo lawo limene tonse tinkalidziwa bwino m'zikhatho mwathu: "Buku lauve ine sindigwira." Kope likakhala ndi dontho la ndiwo kapena zolembalemba pachikuto, ankalinyamula ndi zala ziwiri n'kuliponya pawindo.

Lachisanu m'mawa amalume ananyamuka wapansi kukaona ana awo. Ankapita kamodzi pa milungu iwiri, ngati mlendo, n'kukakhala pa mpando panja pa nyumba imene anamanga okha. Chikwama anachisiya. Amayi anali kudimba. Sindinalimbane ndi mtima wanga ngakhale pang'ono, ndisaname. Ndinalowa, n'kupisa dzanja m'thumba lija, n'kutulutsa kabukuko, n'kukakhala nako kuseri kwa nkhokwe.

Zithunzi zinaposa zimene ndinkaganiza. Munali mathithi, maboti okhala ndi galasi pansi pake, mahotela ofoleredwa ndi udzu ngati nyumba zathu koma okhala ndi madamu osambiramo, ndi mbalame ina yonenepa yosauluka imene akuti inatha yonse kalekale. Mpanda wanga wa nkhono unalimo. Dothi la mitundu lija linalimo. Koma nditabwerera kuchikuto mtima unagwa. Mkati mwake monse munali zolemba za pensulo. Linali dzina limodzi la munthu wamkazi, lolembedwa mobwerezabwereza kuyambira pamwamba mpaka pansi, zilembo zazikulu zokhotakhota, zina zoyang'ana kumbuyo. M'munsimunsi zinkayamba kuwongoka. Dzinalo sindinkalidziwa. Ndinaganiza kuti ndi kamwana kena ka Sitandade 1 kanaseweretsa buku la eni ake, ndipo ndinaona kale m'maganizo aphunzitsi akulinyamula ndi zala ziwiri.

Ndinali ndi labala watsopano. Ndinagwira ntchito yabwino. Wolembayo ankasindikiza pensulo mwamphamvu, choncho nanenso ndinafufuta mwamphamvu, mzere ndi mzere, mpaka pepala linachita timaubweya. Tinyenyeswa ndinatiuzira pansi. Nditamaliza ndinakondwa kuti ndawakonzera amalume buku lawo.

Ine ndinaika mkazi wanga m'manda chaka chatha. Za iye sindilemba muno. Ndangotchula kuti mudziwe chifukwa chake m'mawa umenewu, umene ndinauiwala zaka zambiri, wayamba kundibwerera ndili pakati pa ntchito, ndi fungo la labala lomwe.

Nditafika kusukulu, aphunzitsi analandira kabukuko ndi manja awiri. Anatsegula tsamba lililonse mosamala, nayerekeza ndi chilumba changa, nagwedeza mutu. "Kodi ulipodi mpandawu," anatero, ndipo anaitana mphunzitsi mnzawo kuti adzaone. Mapu anga anapulumuka. Alendo aja atabwera sabata yotsatira anaima pamenepo nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi, ndipo mmodzi anafunsa ngati chinali Likoma. Koma Lachisanu limenelo ndinathamanga njira yonse yobwerera kunyumba, kabuku kali mkati mwa malaya, ndili ndi nkhani yoti ndiwauze.

Ndinapeza amalume abwerako kale. Ana sanawapeze, anali atapita ndi agogo awo ku chigayo. Anali atakhala pakhonde, chikwama chili pamiyendo, zovala zonse atazikhutulira pamphasa. Amayi anaima pakhomo, khasu lidakali m'manja. Ndinatulutsa kabukuko n'kupereka, ndikuyamba kale kufotokoza za aphunzitsi. Iwo sanamve. Anatsegula chikuto.

Ndinkayembekezera mbama. Ikanabwera ndikanailandira, chifukwa kutenga chinthu osapempha ndinkadziwa kuti n'kulakwa. Sinabwere. Anapendeketsa tsambalo ku dzuwa, uku ndi uku, kufuna kuona ngati pensulo inasiyako timizere. Anapititsapo chala chachikulu pang'onopang'ono. Kenako anafunsa, ndi mawu wamba ngati akufunsa za nyengo:

"Unakhala pati pofufuta?"

Ndinaloza kuseri kwa nkhokwe. Anadzuka napita kumeneko, ndipo ndinawaona atawerama, manja pa mawondo, akuyang'ana pansi pamene nkhuku zinali zitapalasa kale tsiku lonse.

Amayi ndiwo anandiuza, motsitsa mawu, mano ali olumana. Linali dzina la alamu awo, akazi a amalume. Ine ndinkangowadziwa ndi dzina la mwana wawo woyamba, monga mmene mudzi wonse unkawaitanira. Dzina lawo lenileni mwana akanalimva kwa ndani? Chaka chomaliza cha moyo wawo anayamba sukulu ya kwacha, poti anatopa ndi kudinda chala ku sikelo ya ana, ndipo m'nyumbamo pepala loyera limene analipeza loyeserera linali limenelo.

Ndinamva, ndipo ndinaganiza kuti ndamvetsa. Vuto linaoneka laling'ono, lotheka kulikonza. Ndinatenga pensulo yanga, n'kuisongola bwino ndi lezala, n'kuwatsata amalume kunkhokwe kuja.

"Amalume, bweretsani ndilembenso. Dzinalo ndikulikumbuka. Ine ndimalemba bwino kuposa mmene zinalili."

Anaweramuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ouma.

"Ndikudziwa, mphwanga," anatero. "Umalemba bwino kwambiri."

Anatseka kabukuko n'kukaika m'thumba la malaya awo, nabwerera pakhonde kukapinda zovala. Ine ndinatsala nditaima ndi pensulo yanga yosongoka, misozi ya ukali ili m'maso. Ndinkafuna kuwapatsa dzina lomwelo, zilembo zomwezo, zowongoka bwino, ndipo sindinkaona chimene munthu angakanire.